Kangaude wa Komiti ya Ukwati

Matenda a ma workshop afika mpaka m'makomiti a ukwati. Kale anthu ankangokhala pakhonde, msungichuma n'kutsegula kope, aliyense n'kutchula ndalama imene alonjeza, basi. Lero ku Area 25 pamsonkhano wotere sipalephera mnyamata amene wangochokera ku Mangochi, kumene bungwe lake linamutumiza kukaphunzira uku akudya chambo. Uyu wathuyu ndi mng'ono wake wa mkwati, ndipo analowa atakwapatira chipepala cha flip chart ndi zolembera zamitundumitundu.

"Akuluakulu, tisanapite patali, tipange kaye mind map."

Anafotokoza mwaulemu ndithu. Njirayi anaitchukitsa Mngelezi wina, Tony Buzan, pa kanema wa BBC mu 1974. Nkhani yaikulu umailemba pakati n'kuizunguliza mzere. Ganizo lililonse limatuluka pamenepo ndi nthambi yake, liwu limodzi panthambi, ndipo polemba sufunsa kuti wanena ndani. Zikuoneka kuti a Buzan sanakumanepo ndi azakhali a mkwatibwi.

Mnyamata analemba UKWATI pakati, n'kutulutsa nthambi ziwiri, akuchimuna ndi akuchikazi.

"Mwanawe," anatero azakhali, "bwanji yathuyo yaonda chonchi? Ife ndi amene tikupereka mwana."

Anainenepetsa. Amalume a mkwati anatsokomola, nayonso yawo inanenepa. Cholembera chabuluu chinakanidwa, ati anthu adzati ukwati ndi wa chipani. Chachikasu chimodzimodzi. Chofiira ndi chobiriwira osayerekeza n'komwe kuziika pamodzi ndi chakuda.

Nthambi ya chakudya ndiye inabereka ana ndi zidzukulu. Mpunga, koma wa Kilombero. Nkhuku, koma zachikuda, chifukwa akumudzi amati zachizunguzi n'zosakoma. Thobwa la achikulire, keke ya nsanjika zitatu, mbuzi ya ankhoswe. Pa chitenje cha komiti anthu anakangana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo mayi wina anapempha kuti dzina lake lilembedwe pambali pa DJ, poti ndi iye anamupeza. Pepala linadzaza, miyendo mbali zonse ngati kangaude wopondedwa ndi njinga.

Kenako mnyamata, mwaubwana wake, anapeza kampata pakona n'kulemba NDALAMA.

Panali zii. Anthu amene ankalimbirana kulankhula anakumbukira kuti ali ndi mafoni. Bambo wina anati malipiro sanatuluke. Wina anati kwawo kwagwa maliro. Wachitatu analumbira kuti atumiza madzulo ano pa Airtel Money, mawu omwewo amene analumbira Loweruka lapitalo. Msungichuma anangoyang'ana kudenga, kope ali nalo pamiyendo.

"Imeneyo musaivutitse," anatero atcheyamani. "Perekaniperekani adzathana nazo."

Nthambiyo inatsala yokhayokha, yopanda ndi mwana mmodzi yemwe. Komabe onse anaombera m'manja, ati msonkhano wa lero wayenda mwachizungu. Aliyense anajambula pepalalo ndi foni, ndipo chithunzi chimodzimodzicho chinafika pa gulu la WhatsApp kuchokera kwa anthu amene anakhala pa benchi imodzi. Atcheyamani anatembenukira kwa alembi.

"Tsono inu mukatilembere bwinobwino zimenezi m'kope, 1, 2, 3, kuti tizimve."

Pemphero lotsekera litatha, amalume a mkwati anamukokera mnyamata pambali.

"Mphwanga, poti tachita workshop, alawansi tisainira pati?"