Tsabola wakale sawawa? Kafunseni lilime langa

Mwambi woti tsabola wakale sawawa ndakhala ndikuyenda nawo ngati chikwanje. Amalume akayamba zoti m'nthawi yawo mnyamata sankaima ndi mtsikana pamsewu, ndinkausolola. Agogo akati foni indipha maso, ndinkausololanso, koma chamumtima, chifukwa kuunena mokweza kukanandigonetsa ndi njala. Achinyamatafe timaukonda mwambiwu poti umatseka pakamwa munthu wamkulu popanda kumutukwana.

Nyengo ya manachesi yapitayi ndinapita kumudzi, cha ku Thambani kwathu ku Mwanza. Ndiwo zinali nyemba, ndipo ndinapempha tsabola. Agogo anandilozera kachitini kakuda bii ndi mwaye, kotsomekedwa kudenga la khitchini. Munali tsabola wouma, wofwifwa, wosanunkhira kanthu. Akuti anathyoledwa agogo aamuna adakali moyo.

"Usachulutse, mwana iwe," anatero agogo.

"Agogo, tsabola wakale sawawa," ndinayankha. Aka kanali koyamba kuunena mokweza mwambiwu pamaso pawo, ndipo ndinadzimva kuti ndakula. Ndinatikitira atatu m'mbale yanga.

Mbamu yoyamba inadutsa mwaulemu. Yachiwiri ndiyo inaitana misozi, mamina ndi thukuta nthawi imodzi, ngati anthu omva kuti kukugawidwa makuponi. Ndinagugudiza makapu awiri a madzi, moto n'kungofalikira mpaka m'makutu. Agogo anapitiriza kudya nyemba zawo, zomwe anathira tsabola yemweyo, kenaka anafunsa osandiyang'ana n'komwe: "Nanga ukulira chiyani, poti sawawa?"

Amene anandiliza tsiku limenelo asayansi amamutcha capsaicin. Mu 1997 David Julius ndi anzake pa yunivesite ya California ku San Francisco anapeza pomwe mankhwala amenewa amagogoda m'thupi mwathu. Ndi kachitseko kakang'ono ka pa mitsempha yomva ululu, komwe kamatchedwa TRPV1. Ntchito yake yeniyeni ndi kuchenjeza za moto: kamatseguka kutentha kukapitirira madigiri 43. Capsaicin amakatsegula popanda moto uliwonse, ubongo n'kulandira uthenga womwewo umene umabwera ukameza phala la pamoto. N'chifukwa chake umatuluka thukuta ngakhale mu June. Thupi limakhala likuzimitsa moto woti kulibe.

Chifukwa cha ntchito imeneyi, mu 2021 Julius analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi Ardem Patapoutian. Sindikuwachitira nsanje, koma tamverani Chichewa chathuchi. Timati dzino likuwawa, msana ukuwawa, tsabola akuwawa. Makolo athu anaika kale tsabola m'gulu la ululu ndi mawu amodzi okha, koma palibe anawaimbira foni kuchokera ku Stockholm.

Capsaicin yemweyu sasungunuka bwino m'madzi, amagwirizana ndi mafuta. Makapu anga awiri aja anangomuthandiza kuyendera nyumba yonse. Chikanandipulumutsa ndi chambiko. Komanso sauluka msanga ngati fungo. Tsabola akakhalitsa, choyamba kuthawa ndi kununkhira ndi mtundu wake, pomwe ukali umatsika pang'onopang'ono, makamaka akasungidwa pouma. Ali ngati wapolisi wopuma pantchito: yunifolomu anabweza, koma mbama anapita nayo kunyumba.

Nanga agogo bwanji sanalire? Mitsempha ikamamenyedwa ndi capsaicin tsiku ndi tsiku imazolowera, n'kuyamba kufuula motsitsa. Taonani madalaivala a mathiraki amene amadikira mapepala pachipata cha Mwanza n'kukadya nkhuku ya piripiri ku Zobue. Amathira tsabola ngati akuthira feteleza, nkhope ili phee. Choncho amene anapeka mwambi uja ayenera kuti anali mkulu wina wodya tsabola kuyambira ubwana, amene lilime lake linatopa, iye n'kunamizira tsabola. Mbalame ndiye zinapata mwayi. Kachitseko kawo sikamva capsaicin, motero zimadya tsabola ngati mtedza n'kukamwaza njere kuseri kwa bafa, komwe amamera wosadzala aliyense. Ndipo tisamadzitame kwambiri ndi mawu oti wakale. Kwawo kwa tsabola ndi ku America, ndipo ku Africa kuno anafalitsidwa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500, nthawi imene ankakhazikika ku Sena ndi ku Tete, kuseri kwa phiri kwathu konkuno. Mapira ndi mawere amamuona ngati mwana wadzulo.

Mpaka apa achinyamata taluza mlandu. Koma akuluakulu asafulumire kuimba nthungululu, chifukwa nawonso ali ndi mwambi wawo wosalembedwa: zamasiku ano sizikoma. Madzulo a tsiku lomwelo, milomo idakali yotupa, ndinawasendera agogo manachesi amene ndinagula pamsewu pa boma. Analawa, n'kukwinya nkhope.

"Madzi okhaokha. Kale ukasenda nachesi kuno, a ku Neno ankadziwa kuti ku Mwanza kwapsa zinthu."

Kwa ine nyumba yonse inali itadzaza fungo, moti ngakhale zala zinanunkhira mpaka m'mawa. Mwina mitengo ina yakalambadi, sindikana. Koma pali wina amene wakalamba mwakachetechete, ndipo amakhala pakati pa nkhope ya agogo.

Lilime, ndi kutchuka kwake konse, limadziwa zinthu zisanu zokha: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa kwa ngati kwinini, ndi kukoma kwina kumene Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anakufotokoza mu 1908 n'kukutcha umami. Kumeneku ndi kukoma kwa tomato wakupsa, bowa ndi usipa wouma, kuja timangoti ndiwo zakolera. Zambiri mwa zina, zimene zimasiyanitsa nachesi ndi lalanje, kapena chambo ndi mlamba, ndi ntchito ya mphuno. Ukamatafuna, fungo limakwera kudzera kukhosi n'kulowa m'mphuno chakumbuyo, ngati mlendo wozolowera amene sadzeranso khomo lakumaso. Yesani nokha. Tsinani mphuno, ikani kachidutswa ka nachesi m'kamwa, tafunani. Mumva madzi a shuga owawasa pang'ono, basi. Tsono tayani mphunoyo. Mwanza yense afika nthawi yomweyo.

Mmene mphuno imachitira zimenezi anazitulukira ndi Linda Buck ndi Richard Axel mu 1991, ndipo anapatsidwa Nobel mu 2004. Anapeza banja lalikulu la timisampha togwira fungo kumtunda kwa mphuno. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 400 ya timisampha timeneti, mbewa ili ndi yoposa 1,000. Fungo lililonse limakola timisampha tingapo nthawi imodzi, ndipo ubongo umazindikira chinthu poona kuti takoledwa ndi titi. Za mbewazi musaziderere. Bungwe la APOPO limaphunzitsa abwampini ku Morogoro m'dziko la Tanzania, ndipo anagwira ntchito yonunkhiza mabomba okwirira ku Mozambique, dziko limene linalengezedwa mu 2015 kuti lathana ndi minda ya mabomba yomwe inkadziwika. Ena amanunkhiza makhololo kufufuza chifuwa chachikulu. Kwathu bwampini timamufunsa funso limodzi lokha, loti wanona kapena ayi, pomwe kutsidya kwa malire anali pantchito yolipidwa nthochi.

Ambirife tinadziwa ulemu wa mphuno Covid-19 itafika m'dziko muno mu April 2020. Anthu ankadzuka m'mawa osamva sopo, osamva utsi, nyama yootcha ikumveka ngati chigamba cha bulangete. Kwa ena lilime linali bwinobwino, koma mnzake wogwira naye ntchito anali atagona. Zimene matendawa ankachita usiku umodzi, ukalamba umachita pang'onopang'ono. Mu 1984 Richard Doty wa pa yunivesite ya Pennsylvania anayesa anthu pafupifupi 2,000 ndipo anapeza kuti oposa theka la a zaka 65 mpaka 80 anali ndi vuto lalikulu lozindikira fungo. Kwa opitirira zaka 80, anali oposa atatu mwa anayi alionse.

Taganizani tsono za atsikana apabanja amene aweruzidwa m'midzimu popanda mboni. Mtsikana waphika nkhwani zotendera bwinobwino, apongozi alawa, apukusa mutu: "Ana amasiku ano kuphika sadziwa." Mawa athira mchere wambiri. Mkuja aonjezera timakyubu tiwiri ta mugolosale. Mapeto ake banja lonse likumwa madzi usiku wonse, achipatala akudabwa kuti BP yakwera bwanji, pomwe wolakwa weniweni ali phee pansi pa magalasi a apongozi. Amene amaphikira okalamba angachite bwino kuonjezera zonunkhira, monga anyezi wokazinga, adyo ndi madzi a ndimu, m'malo mothamangira mchere. Mandimu ku Mwanza sitigula n'komwe.

Zonsezi ndinayesa kuwafotokozera agogo m'mawa mwake, mawu akutuluka mopendama chifukwa cha milomo ija. Za mphuno yawo anazikana kwamtuwagalu. Akuti mphuno imene imadziwa kuti mdzukulu wadutsira kumowa asanalowe n'komwe pachipata singakhale yokalamba, ndipo pamenepo sindinafune kutalikitsa nkhani. Koma za Julius zinawasangalatsa.

"Ndiye kuti mzunguyo anamupatsa ndalama chifukwa chodziwa kuti tsabola amawawa?"

"Eya, agogo. Zambiri ndithu."

"Akanabwera kuno ndikanamuuza ulere. Iwenso ndinakuuza ulere, koma unafuna umve wekha."

Mukamadutsa pa Mwanza nyengo ya manachesi, gulani thumba lonse, muyese zotsina mphuno zija basi isananyamuke. Koma gogo wina akakulozerani kachitini kakuda kudenga, yambani ndi theka la tsabola mmodzi, chambiko chili pafupi. Kathu kaja kadakali pomwepo, ndipo mwatsala tsabola 8.