Galu Wanga ndi Dzuwa la ku Cape Maclear

Alamu anga ali ndi minibasi yakale ya Toyota Hiace imene inatopa ndi kunyamula anthu pakati pa Chilomoni ndi m'tauni. Ataichotsa pamsewu anazula mipando, anayalamo matiresi, n'kukhomera kashelefu koikapo mapoto ndi mbaula. Nzeruyi anaionera alendo a ku South Africa amene amabwera ndi magalimoto okhala ndi tenti padenga, n'kumagona m'malo a kampu m'mphepete mwa nyanja. Ndiye tchuthi cha Tsiku la Anakubala, pa 15 October, chitayandikira, anati tikaiyese ku Cape Maclear.

"Koma galuyo msiyeni, alamu," anatero.

Sindinawamvere. Mayi a kunyumba anali atapita kumudzi ndi ana, ndipo panalibe womupatsa chakudya Tayiga. Ndinali ndi khadi lake la katemera wa chiwewe, poti kuyambira 2015 a Mission Rabies pamodzi ndi a BSPCA akhala akubaya agalu ulere m'makomboni a Blantyre, ndipo ine sindiphonya. Khadi lili m'thumba, unyolo ulipo, mbale yake ilipo, ndinkaona ngati ndakonza zonse. Za kutentha sindinaziganizire n'komwe.

Tinadzera ku Zomba. Titangotsetsereka kulowa ku Liwonde mphepo ya pawindo inasanduka yotentha, ndipo pofika ku Mangochi Tayiga anali atatulutsa lilime lonse. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, pomwe nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo October ndiye mwezi umene dzuwa limaswa mtengo. Galu wokulira m'tsinde mwa phiri la Michiru kutentha kotere sakudziwa. Tisanafike ku Monkey Bay tinakhotera kumanzere, mumsewu wodutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, nkhalango imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo a UNESCO anaiika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Mudzi wa Chembe uli m'kati mwake, asodzi ake akuyanika usipa pamchenga monga akhala akuchitira kuyambira kale.

Pamalo pamene tinaimika galimoto anatilandira bwino, koma anatiuza kuti galu asachoke pa unyolo. Usiku m'minibasi munali ng'anjo. Tayiga anagona pansi pa galimoto akupuma wefuwefu mpaka mbandakucha, ine n'kumati ndi mmene amachitira agalu.

Kutacha anyamata a boti anabwera kudzatikopa kuti tikaone mbuna ndi nkhwazi ku chilumba cha Thumbi. Galu anamukana, poti chilumbacho ndi mbali ya nkhalango yotetezedwa. Ndinamumangirira kumbuyo kwa minibasi, pamthunzi wa mtengo wa mango, ndinadzaza madzi m'mbale yake, ndinamusisita pamutu, n'kukwera boti. Apa ndi pamene ndinalakwa. Mthunzi ndinauona mmene unalili m'mawa, osakumbuka kuti umayenda, pomwe unyolo wake unali waufupi.

Tinabwerera dzuwa litapendeka pang'ono. Ndili patali ndinaona anthu atazungulira pampopi, ndipo mtima unangoti myu. Tayiga anali atagona chammbali pasimenti yonyowa. Dovu lokhuthala linali likuyenderera pakamwa, nkhama zake zitafiira psu, maso ali gwa osayang'ana munthu. Nthiti zinkakwera ndi kutsika mothamanga kwambiri. Mlonda wapamalopo, bambo achikulire a imvi, ankamuthira madzi ndi kapu pamimba, m'khwapa ndi m'mapazi, pomwe mayi wina wochapa zovala za alendo ankamukupiza ndi chivindikiro cha ndowa.

"Galuyu ndi wanu, achimwene?" anafunsa bambowo osadzutsa mutu.

"Ndi wanga, bambo."

"Tamupeza ali padzuwa. Mbale anaigubuduza ndi unyolo. Wakumba pansi pa galimoto kufuna pozizira mpaka zikhadabo zatuluka magazi. Kulira kwake ndi kumene kwandiitana."

Sanandikalipire. Anangondipatsa kapu ija n'kunena kuti ndipitirize. Alamu anathamangira ku bala kukatenga madzi oundana, koma bambowo anawaletsa kumuunjikira pathupi, anati madzi a pampopi akwana bola asaleke kuthira, ndipo mphepo izimufika. Anatiletsanso kumutsanulira madzi kukamwa, kuopa kuti angatsamwe. Tinadikira mpaka anadzutsa mutu yekha n'kuyamba kukhatha pang'onopang'ono. Ndinagwada pasimentipo manja akunjenjemera, ndikumuitana dzina, mpaka anagwedeza nsonga ya mchira.

Nditabwerera pamene ndinamumanga ndinaponda mchenga popanda nsapato. Sindinathe kuimapo. Iye anakhalapo maola.

Tinanyamuka madzulo omwewo kutazizira, mawindo onse ali pululu, Tayiga atagona pamatiresi pamiyendo yanga. Mmawa ndinapita naye kwa dokotala wa ziweto ku Blantyre, amene anandifotokozera zimene ndinayenera kuzidziwa kalekale. Munthu amazizira ndi thukuta thupi lonse, koma galu thukuta limatuluka pang'ono chabe m'mapazi, ndipo amadalira kupuma wefuwefu kuti achotse kutentha. Mpweya ukatentha kwambiri njira imeneyi simuthandizanso mokwanira. Thupi la galu wabwinobwino limatentha madigiri 38 mpaka 39, ndipo likadutsa 41 ubongo, impso ndi chiwindi zimayamba kuonongeka. Ena amadzuka, n'kudzafa patapita masiku impso zitasiya kugwira ntchito. Anamuika diripi, anamupaka mankhwala m'mapazi mmene munachita matuza, n'kundiuza kuti ndiziyang'ana mkodzo wake ndi mmene akudyera.

Chimene chimandipweteka n'chakuti sindinachite izi chifukwa chomuda. Ndinamutenga chifukwa chomukonda. Koma ndinakula ndi maganizo amene tili nawo ambiri ku Chilomoni, ku Ndirande ndi ku Bangwe, akuti galu ndi mlonda wolimba, ukamuponyera mkute basi wamaliza. Tsopano ndikamayenda masana m'makwalala a kwathu ndimawaona agalu omangidwa pa unyolo waufupi, ena atatsekeredwa m'tinyumba ta malata topanda mawindo, mbale ili gwa, kudikira kuti adzamasulidwe usiku. Kale ndinkadutsa osacheuka. Masiku ano ndimagogoda pageti n'kupempha mwaulemu kuti amuikire madzi, ndipo ena amandiyang'ana modabwa.

Tayiga anachira, ngakhale anatsimphina kwa kanthawi. Kanyumba kake ka malata ndinakagwetsa, n'kumumangira ka njerwa pansi pa mtengo wa mapeyala, kotsegula mbali ziwiri, ndipo mbale ya madzi ndinaiwakira m'simenti kuti asamaigubuduze. Alamu akukonza zobwerera kunyanja pa Khirisimasi. Ndagwirizana kale ndi mphwanga wa ku Machinjiri kuti adzagone kwathu masiku amenewo, azidzamusamalira.