Ng'oma ya malume inapsera m'manja mwanga

Ng'oma imene ndinaipsereza inali yakale kuposa ine. Eni ake, atsibweni a mkazi wanga, anailandira kwa atsibweni awonso, ndipo m'mudzi monsemo panalibe ukwati kapena chiliza chimene chinadutsa iyo osalira. Ndinaiwononga m'mawa wina wa mwezi wa Juni, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti ndinaibwereka pofuna kuti magule athu asafe.

Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kumtunda kuno, cha ku Bembeke, ndiponso ndine mkamwini. Ndinakulira ku Ndirande, kumene magule ndinkangowaonera pa misonkhano ndi pa TV. Atandipatsa phunziro la Expressive Arts, ndinapeza kuti ana a Sitandade 6 amaloweza nyimbo iliyonse ya pa wailesi, koma chimtali amangochidziwa dzina. Zinandikhudza kwambiri, chifukwa ana amenewa amakhala m'boma la Dedza, limene alendo amachoka kutali kudzaona chikhalidwe chake. Ku Chongoni kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira ndi za Akafula, zoyera zambiri ndi za Achewa, ndipo zina zimakhudza chinamwali ndi nyau. Ukatsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti n'kukhotera ku Mua, umapeza Kungoni imene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, ndi nyumba ya Chamare momwe muli zigoba za gule wamkulu zoposa 400. Koma mwana wa pakhomo pomwepa, amene agogo ake ndi katswiri wa chimtali, sadziwa n'komwe kuti phazi limayambira kuti.

Ndili ku koleji ya aphunzitsi ndinawerengapo za mayi wina wa ku Philippines, Francisca Reyes-Aquino, amenenso anali mphunzitsi. Kuyambira mu 1921 ankayenda m'midzi ya kwawo kulemba magule, nyimbo ndi masewera zimene zinkazilala, ndipo mu 1926 anazisonkhanitsa m'buku lothandiza aphunzitsi. Magule a kumudzi analowa m'masukulu, moti lero tinikling, gule wodumpha pakati pa nsungwi ziwiri zimene anthu awiri amaziombanitsa, amadziwika kutali ndi kwawo. Mu 1973 boma lawo linampatsa ulemu wa National Artist. Nkhani imeneyi inandikhala mumtima. Ndinkafuna kuchitako zofanana nazo, pang'ono chabe, ndi foni yanga ndi ana anga a m'kalasi.

Za gule wamkulu sindinayerekeze, popeza sindinagule njira, ndipo mbalule ndi zinzake zili ndi eni ake kudambwe. Ndinasankha chimtali. Mkazi wanga anandilankhulira kwa amayi achikulire, ndipo madzulo akaweruka ku minda ya kachewere ankakhala pa mphasa kuseri kwa nkhokwe n'kumandiimbira, ine ndikujambula mawu. Ana anaphunzira msanga. Chinasowa ndi ng'oma yokha, choncho ndinapita kwa atsibweni a mkazi wanga aja.

"Malume, pa 16 Juni ndi tsiku la mwana wa mu Africa, masukulu onse a zoni yathu akumana. Tikufuna ana akavine chimtali. Mungatibwerekeko ng'oma ija?"

Sanayankhe msanga. Anafunsa kuti woimba ndani, ndipo ndinatchula mnyamata wina wa Sitandade 8 amene amaimba ng'oma kutchalitchi.

"Nanga kuiwothetsa moto mumatha, aphunzitsi?"

Ndinati ndimatha. Ndinali nditaonapo anthu akuchita zimenezo pabwalo, ndipo mumtima mwanga kuonako kunali kokwanira. Iwo ananena kuti angathe kubwera okha kudzaisamalira tsikulo, koma ndinawakaniza, ndinati asavutitse miyendo yawo ndi chitunda chija. Chilungamo chake n'chakuti ndinkafuna anthu aone kuti ntchito yonseyi ndi yanga. Anaitulutsa m'nyumba ataikumbatira. Thupi lake linali la mlombwa, lakuda ndi utsi ndi thukuta la manja, chikopa cha ng'ombe chogwidwa ndi zikhomo zamtengo kuzungulira pamlomo, ndipo pakati panali phula lakuda la nsatsi zosinja, limene limaipatsa mawu akuya aja omveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Amene sanagonepo ku Dedza mu Juni sadziwa chimene nkhungu imachita. Tauniyo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, phiri lake limapitirira 2,000, ndipo m'mawa chilichonse chimadzuka chonyowa ngakhale mvula isanagwe. Ng'oma ndinaitengera kusukulu dzulo lake pa njinga, n'kuisiya m'kalasi lopanda magalasi m'mawindo. Pofika m'mawa chikopa chinali chitamwa chinyezi n'kufooka. Mnyamata uja ataimenya inamveka ngati thumba la madeya.

Odziwa amayatsa kamoto ka udzu kapena mapesi, kamene kamalilima pang'ono n'kuzima. Ng'oma saisiya pansi. Amaigwira m'manja akuizunguza, chikhatho chikupapasa chikopa kuti amve kutentha kwake, chala chikugogoda kuti khutu litsatire mawu akamakwera. Akafika pamene akufuna amaichotsa nthawi yomweyo. Zonsezi ndazidziwa pambuyo pake. Tsiku limenelo ndinapita kuseri kwa makalasi kumene amayi ankaphika phala la ana pa moto wa nkhuni za paini. Paini ali ndi utomoni, moto wake ndi waukali ndipo suchedwa kukula. Ndinatsamiritsa ng'oma pa njerwa, chikopa chitayang'ana kumoto, ndipo nthawi yomweyo mwana anabwera akuthamanga kuti alendo afika koma gulu langa silinafole. Ndinaganiza kuti ndipita n'kubwerera msanga. Kumeneko ndinapeza atsikana awiri alibe zitenje, wina akulira kuti anzake amuchotsa kutsogolo, ndipo ndinaiwala.

Pobwerera, fungo ndi limene linandichingamira. Phula linali litasungunuka n'kuyenderera mpaka pansi, chikopa chitaboola pakati n'kung'ambika kukafika ku zikhomo. Mayi wina anali ataikokera pambali ndi mthiko.

"Aphunzitsi, tinakukuwirani, inu osamva."

Pamenepo ndikanaima n'kupuma, mwina tsokalo likanathera pa ng'oma. Koma dzina la sukulu yathu linali litaitanidwa kale pa sipika, ndipo ndinaganiza zoti ana avinire nyimbo zimene ndinajambula zija. Ndinalumikiza foni manja akunjenjemera, n'kudina. Zimene zinatuluka sizinali chimtali. Miyezi ingapo m'mbuyomo mkazi wanga anabwereka foniyo pa chisamba cha mng'ono wake, amene anali ndi pakati poyamba, ndipo anajambulako nyimbo za malangizo zimene amayi amaimba ali okhaokha. Anandiuza kuti ndisazitsegule, adzazichotsa yekha, ndipo sindinazitsegulepo. Tsikulo zinamveka bwalo lonse, pamaso pa ana, aphunzitsi ndi mafumu. Sizinatenge nthawi ndisanazimitse, koma mawu oyamba okha anakwanira. Amayi anagwira pakamwa. Anamkungwi awiri a m'mudzi mwathu anadzuka, anakunga zitenje zawo, n'kutuluka pabwalo osayang'ana kumbuyo. Ana anga anavinira chigubu cha madzi, maso ali pansi.

Za nyimbozo mudzi wonse unamva dzuwa lisanalowe. Za ng'oma zinachedwa, chifukwa amayi ophika phala aja anali a mudzi wina, ndipo ine ndinagwiritsa ntchito mpata umenewo molakwika. Ndinaibisa kwa mphunzitsi mnzanga. Tsiku la msika ndinagula chikopa cha mbuzi chouma kwa ogulitsa nyama, ndinachinyika usiku umodzi, ndipo popeza zikhomo sindikanatha kusema, ndinagula misomali. Mtengo wokalamba sufuna chitsulo. Msomali wina utalowa ndinamva kuthetheka, ndipo mng'alu unatsika kuchokera pamlomo mpaka cha pakati. Malume atandifunsa panjira kuti ng'oma ibwera liti, ndinati ikadali kusukulu, ana akuphunzirabe. Pa zonse zimene ndinachita, bodza limeneli ndi limene ndimachita nalo manyazi kwambiri, chifukwa munthuyo anandikhulupirira n'kunena kuti palibe vuto, ana aphunzire.

Anthu akakolola ndi nthawi ya ziliza, ndipo cha agogo ake a mkazi wanga chinali pafupi. Chimera chitayanikidwa, mkazi wanga, amene ndinali nditamuuza zonse, anandiyang'ana usiku wina n'kunena kuti, "Bambo, mukapanda kukanena inu mawa, ndikanena ine."

Ndinainyamula mbandakucha itakulungidwa m'chiguduli. Malume anali akuwotha moto pakhonde. Ndinakhala pansi, ndinaivundukula, ndipo ndinafotokoza zonse kuyambira pa nkhungu mpaka pa misomali. Anayendetsa chala mumng'alu muja kuchokera pamwamba mpaka pomwe unathera, kenaka anayesa kugwedeza msomali umodzi.

"Kupsa, ng'oma zimapsa, aphunzitsi. Inenso ndili mnyamata ndinapserezapo. Mukanabwera nayo tsiku lomwelo, bwenzi pano ikulira. Koma misomaliyi, anakuuzani ndani?"

Ndinalibe choyankha. Pa chiliza anakabwereka ng'oma kumudzi woyandikana nawo, n'kulipira ndowa ya mowa, ndipo aliyense amene anafunsa chifukwa chake anauzidwa.

Nkhani ya nyimbo inakafika kwa a nyakwawa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri alipo. Ine ndinkayembekezera kukalipiridwa chifukwa cha manyazi amene ndinawachititsa pagulu. Anamkungwi aakulu sanayambire pamenepo. Anati, "Gogo chalo, nyimbo zija zili ndi nthawi yake. Mtsikana amazimva tsiku limene zikumukhudza, ndipo n'chifukwa chake zimalowa. Akazimvera pa sipika ali mu Sitandade 4, tsiku lake likadzafika ife tidzamuuza chiyani?" Mawu amenewo ndinalibe nawo yankho, ndipo mpaka pano ndikuona kuti ananena zoona. Mkazi wanga anadzudzulidwa kuposa ine, chifukwa iye ndi wometa ndipo ankadziwa mwambo. Anthu amene anamulera anamuyang'ana ngati wogulitsa zinsinsi, pamene wodina anali ine. Tinapereka nkhuku kwa anamkungwi ndi mbuzi ku mbumba, ndipo nyimbozo tinazifufuta m'foni iwo akuona.

Kujambula sindinakutaye mtima, ndipo sindikuganiza kuti n'kolakwa. Hugh Tracey anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba a m'midzi, ndipo mawu awo akusungidwa ku International Library of African Music, imene iye anayambitsa mu 1954 ndipo tsopano ili ku Makhanda, m'dziko la South Africa. Pakanapanda zimenezo, mawu a anthu ambiri amene anapita kale sitikanawamvanso. Koma m'foni yanga munali nyimbo zambiri za chimtali, ndipo panalibe ngakhale imodzi imene ikanandiuza kuti chikopa chatentha mokwanira, kapena kuti nyimbo iyi ndi ya pabwalo, iyo ndi ya m'nyumba. Zimenezo zinali m'manja ndi m'mitu ya anthu amene ndinkawatenga ngati ongondipatsa zinthu zoti ndikasunge, mmodzi wa iwo n'kumukaniza kubwera chifukwa cha chitunda. Mayi wa ku Philippines uja anathera zaka zambiri pa ntchito yake. Ine ndinkafuna kumaliza m'teremu imodzi.

Malume anakana ndalama. Anati ndikagule chikopa cha ng'ombe chachiwisi, ndipo ndibwere nacho ndekha Loweruka. Tinazula misomali umodziumodzi, iwo akundigwira dzanja kuti ndisapotoze. Mumng'alu anathiramo phula la njuchi lotentha, n'kumanga thupi lonse ndi lamba wa chikopa chonyowa, amene akamauma amafinya mtengo. Ubweya tinapala ndi mpeni, zikhomo anasema okha ine ndikuonerera, chifukwa zanga zoyamba zinali zonenepa moti zikanang'ambanso mabowo. Pokunga pamafunika anthu awiri: wina akoka mbali iyi, mnzake mbali inayo, chikhomo kuno, chikhomo uko, kuti chikopa chisapendekeke. Zala zinatupa. Inauma pamthunzi, osati padzuwa, ndipo pomaliza anandipatsa nsatsi kuti ndisinje mpaka zitachita ulimbo, iwo n'kumamata pang'onopang'ono akugogoda ndi kumvetsera.

Ng'omayo ikuliranso, koma amayi a chimtali akuti mawu ake anasintha, safika kutsidya kwa dambo ngati kale, ndipo ine ndikuwakhulupirira. Yosema ina n'kovuta. Mapiri otizungulira ndi paini ndi minda, mlombwa wa msinkhu umenewo kufupi kuno kulibe, ndipo wosema amene malume amamudalira ndi wokalamba, amakhala cha kumalire a Mozambique.

Masiku ano malume amabwera okha kusukulu Lachisanu, mdzukulu atawanyamulira ng'oma, ndipo amabwerera nayo tsiku lomwelo. Anyamata awiri ndi mtsikana mmodzi aphunzira kuiwothetsa pa moto wa udzu, ndipo mtsikanayo ndi amene ali ndi khutu lakuthwa. Anamkungwi anatilola kusunga nyimbo za chimtali zija, koma anati zichoke m'foni mwanga zipite pa khadi, ndipo khadiyo imakhala kwa iwo. Ndikafuna kuphunzitsa nyimbo ndimapita kukapempha, nditatchula nyimbo yake ndi kalasi imene ikaimve. Pempho loti tijambule zina ndinalipereka kudzera kwa apongozi anga, ndipo sanayankhebe.