Ndinafufuta dzina la agogo

Thiranki la malemu agogo anga aamuna linakhala kunsi kwa bedi zaka zambirimbiri. Linali lachitsulo, lakuda, la zogwirira m'mbali. Analigula ku Joni komwe ankakumba golide atalembedwa ndi Wenela. Anabwera nalo paulendo wawo womaliza, a Kamuzu Banda ataletsa zolemba anthu a kumigodi, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70. Pachivundikiro panali dzina lawo, mudzi ndi boma, zolembedwa ndi penti woyera, ndi dzanja lawo lomwe. Mkati anamatamo mapepala ndi chithunzi chimodzi, ali ndi anzawo atatu pakomponi.

Dzimbiri litayamba kudya m'makona, mtima unandipweteka, ndipo ndinapempha agogo aakazi.

"Agogo, ndibwerekeni thirankili ndikalikonze kutauni."

"Ungolipukuta, mdzukulu wanga. Usalivute."

Sindinamve. Mnzanga wina anandiuza kuti asidi wa m'batire la galimoto amachotsa dzimbiri msanga. Madzulo ndinalipaka thiranki lonse n'kukagona. Kutacha ndinapeza penti atafufuma ngati khungu lopsa, ndipo pansi, pomwe chitsulo chinali chitapyapyala kale, panali timabowo ngati sefa. Ndi mantha ndinathira madzi ndowa ziwiri kuti asidi achoke. Madziwo analowa m'timabowo tija. Mapepala anamatuka, chithunzi chinafewa, nkhope zinayi zija zinatsalira m'zala zanga.

Bwenzi nditalekera pomwepo, zilembo zina zikanapulumuka. Koma ndinafuna kubisa cholakwa. Ndinakwecha chivundikiro ndi sandipepala wokhakhala mpaka chitsulo chinayera, kenaka ndinapaka penti wobiriwira.

Nditapita nalo kumsika, mmisiri wokhoma zidebe, bambo wachikulire, analiyang'ana nthawi yaitali asanayankhule.

"Achimwene, mwalipha."

Anandifotokozera modekha. Dzimbiri la thiranki lakale amalifewetsa ndi palafini kapena mafuta ochepa, n'kumapukuta pang'onopang'ono ndi kawaya kofewa kotsukira mapoto, kupewa pamene pali zilembo. Penti wakale sachotsa, amangomuteteza ndi phula. Mkati momwe muli mapepala simufika madzi. Bowo amaligamba ndi kachidutswa ka lata, chamkati, pakuti moto wa kuwotcherera umangoboola chitsulo chopyapyala. Pansi anandigambira bwino ndithu. Za dzinalo anapukusa mutu.

Nditalibweza kumudzi, agogo aakazi anayendetsa chikhatho pachivundikiro, uku ndi uku, kufunafuna. Iwo sadziwa kuwerenga, koma malo a zilembo zija ankawadziwa.

"Dzina la agogo ako lili kuti?"

Ndinagwada n'kuulula zonse. Sanandikalipire. Anangoti ndilibwezere kunsi kwa bedi, ndipo kuyambira tsikulo sanalitsegulenso. Chithunzi chija chinali chokhacho cha agogo ali mnyamata.

Inu amene muli ndi thiranki la ku Joni kapena ku Halale m'nyumba mwanu, chonde, musanaligwire ndi chilichonse, yambani mwajambula zolembedwazo, ndipo mukafunse mmisiri.