Kalata kwa Asibweni, Tcheyamani Watsopano wa ku Zolozolo

Asibweni,

Ine kuno ndili bwino, agalu a bwana wanga nawonso ali bwino, ngakhale kuti iwo amaonana ndi dokotala kawirikawiri kuposa ine.

Nkhani yoti mwasankhidwa kukhala tcheyamani wa komiti ya chitukuko inandipeza ndikutchetcha kapinga ku Randburg. Ndinathimitsa makina n'kuvula chipewa. Banja lathu lakhala likudikira udindo kuchokera nthawi ya agogo amene anapita ku Wenela n'kubwerako ndi jekete, wailesi ndi chifuwa.

Mndandanda wa zofunika m'dera lathu taulandira, pamodzi ndi pempho lakuti mwana aliyense wa ku Joni asonkhe R300. Pamwamba mwalemba tenti, mipando ya pulasitiki, zokuzira mawu ndi chikwangwani cholandira alendo. Pansi penipeni, pamene inki inayamba kutha, pali ngalande ndi chimbudzi cha pamsika. Lamulungu tinakumana ku Diepsloot anyamata a ku Mzuzu, a ku Ekwendeni ndi a ku Mzimba, tonse m'kachipinda kamodzi, ndipo titakambirana mwaulemu tinagwirizana kuti pepalalo munalijambula chozondoka. Tinangotembenuza foni, zonse n'kukhala m'malo mwake.

Mwalemba kuti mukufuna Zolozolo izioneka ngati Joni. Joni yake iti, Asibweni? Ya pa zithunzi zathu zija ndi Sandton, ndipo galimoto zimene timatsamira si zathu. Kuno kulinso msewu wotchedwa M1 ngati wakwathu uja. Mbali ina kuli nyumba zagalasi zofika kumitambo, ukangowoloka wafika ku Alexandra, kumene mabanja ambirimbiri amalimbirana mpopi umodzi. Mzinda wonsewu zikwangwani zilipo zochuluka, zina zoyaka usiku, koma mipopi imatha kuuma masiku angapo, maloboti amafa, ndipo maenje a m'misewu ena akula mpaka anthu anawazolowera ngati anansi. Ena mwa madzi amene timamwa amachokera ku Lesotho, dziko la eni. Inu ku Mzuzu mvula imakugwerani yaulere mpaka mu Juni, ya mawawa ija yolowa m'mafupa. Ina imasungidwa mu damu la Lunyangwa, yotsalayo imayenda m'makomo mwa anthu kufunafuna njira poti palibe anaikonzera.

Paja munkatiuza kuti Mzuzu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'ma 1940, n'kudzakhala mzinda mu 1985. Pa kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Anthu onsewo anamanga paliponse pamene anapeza malo, m'zitunda, m'matsitso, m'madambo momwe. Mvula ya mu Epulo 2016 simunaiiwale, imene inagwetsa nyumba ku Masasa ndi madera ena, anthu n'kukagona m'masukulu ndi m'matchalitchi. Madzi akamatsika phiri saima kuti awerenge chikwangwani.

Ife matchona mlanduwu sutiphonya. Aliyense akagwira karandi amamanga nyumba ya matailosi, mpanda wautali, geti lachitsulo lokhala ndi mikango iwiri pamwamba. Koma njira yofikira pa getipo ndi phala lokhalokha. Mlamu wathu wina anabwera ndi galimoto yonyezimira chaka chatha, koma kuyambira Januwale mpaka Epulo imagona kumsewu wa tala, iye n'kumalipira mlonda, kenaka n'kukwera njinga ya Sacramento kupita kunyumba. Pa chitunda chija wanjinga amamutsitsa, onse awiri n'kumakankha, koma ndalama amalipira yonse. Ndi munthu yekhayo amene ndikumudziwa woyenda wapansi atakwera njinga, pomwe galimoto ali nayo.

Tsono za pamsika. Amama amadzuka mbandakucha kukapikula tomato wa ku Jenda ndi usipa wa ku Nkhata Bay ku Zigwagwa, n'kudzayala pa kamsika kathu mpaka mdima. Tsiku lonse samwa madzi. Nditawafunsa pa foni anandiyankha kuti munthu wopanda kolowera samwa madzi masana. Amayi onse a pamsikapo amatero, ndipo amene zamuthina amakapempha kuseri kwa nyumba za eni, mwina kumuyankha kuti kiyi wapita ndi ana kusukulu. Awa ndi anthu amene amalipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku osaphonya. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko lathu, ndipo Nkhata Bay, kumene kumachokera usipawo, inali m'gulu la maboma amene anavutika. Tenti mukufunayo, Asibweni, tikaigula chimbudzi chisanamangidwe, ntchito yake yoyamba idzakhala ya pamaliro. Pepani ndalankhula mosapsatira, ndi mphepo ya kuno.

Mwina mwadabwa kuti R300 yokha tikuchita kuikhalira msonkhano. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kumudziko mumaganiza kuti randi ikangodutsa pa Mukuru imaswa ana. Simenti nayo inamva nkhani yomweyo n'kukwera. Ndalama imeneyi ena amaipeza atayima pa mphambano kuyambira m'mawa, atanyamula kachikwangwani kolembedwa kuti amadziwa kupenta, kuwotcherera ndi kukonza mapaipi, pamene kwathu ankangodziwa kuweta ng'ombe. Ena imathera m'manja mwa anthu ofunsa mapepala panjira. Choncho anyamata andituma ndinene izi. Ndalama isungidwe ndi amayi a banki mkhonde a pamsika, chifukwa iwo munthu akasowetsa K500 amakamutengera ndowa ndi mbale. Malisiti muziwajambula moongoka. Mchenga ndi miyala atute achinyamata aja amakhala pa bawo kudikira kuti tiwaitanitse kuno. Ndipo mupite kwa khansala ndi kwa phungu mukafunse za ndalama za CDF, poti kamlatho ka matabwa kopita kusukulu kaja ife sitingakathe. Mukapita muvale bwino, mukakhale pampando wa kutsogolo, musachoke mpaka akupatseni tsiku.

Zokuzira mawu zisakudetseni nkhawa. Azakhali akayitana mwana ku Zolozolo amayankha ali ku Chiputula, ndipo safuna magetsi.

Katundu ndapatsira thiransipota amene anyamuka Loweruka kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete. Muli bulangete la amama, mafuta ophikira, ndi jekete lanu la utcheyamani. Bwana wanga analitaya chifukwa cha batani limodzi, inu mudzaoneka nalo ngati nduna. Pobwerera mumupatsire mpunga wa Kilombero, usipa, ndi khofi wa Mzuzu paketi ziwiri. Bwana anamulawa tsiku lina, ndipo kuyambira pamenepo amauza alendo ake kuti wam'munda wake ndi mwana wa mwini esiteti. Sindinamutsutse.

Mng'ono wanga muuzeni asabwere opanda pasipoti. Ku Lindela, kumene amatsekera opanda mapepala, kulibe kapinga wotchetcha.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
wa ku Randburg masana, ku Diepsloot usiku.