Mwera Womwe Timauthawawu, Ena Amaudikira?

Pali masewero ena a pamadzi amene akundizunguza mutu. Munthu amaimirira pathabwa loyandama, lalitali kupitirira pang'ono mamita 4, m'manja atagwira nkhafi imodzi yaitali, n'kumapalasa ali chiimire. Kunja amawatchula SUP. Kuimirirako sikukundidabwitsa, chifukwa ku Kachulu, pa nyanja ya Chilwa, anthu akhala akuyendetsa mabwato ali chiimire kuyambira kalekale, akukankha pansi ndi mtengo wautali. Chondidabwitsa n'chakuti pa mpikisano wina umene eni masewerowa amaukonda kwambiri, nyanja ikachita bata iwo amakhumudwa. Amafuna mphepo yamphamvu, yowomba kumsana kwawo kuchokera ponyamukira mpaka pofikira.

Kodi si mphepo yomweyi imene ife timaithawa? M'miyezi yozizira, makamaka Juni ndi Julayi, a zanyengo amalengeza pa wailesi kuti mwera ukubwera, oyenda panyanja asamale. Mwera wagubuduzapo mabwato, mabanja n'kulira maliro. Ndiye zitheka bwanji kuti munthu wanzeru zake adzuke m'mawa, aone mitengo ikuwerama, n'kusangalala kuti lero ndiye tsiku labwino?

Zimene amachita pamadzipo n'zomveka. Mphepo ikawomba nthawi yaitali pamadzi otambalala imadzutsa mafunde olowera mbali imodzi. Wopalasa amakoka nkhafi mwamphamvu kangapo, funde limanyamula thabwa n'kuthamanga nalo, iye n'kumangowongolera. Likamusiya amasaka lina. Choncho wamphamvu akhoza kugonja kwa munthu wochepa thupi amene maso ake amadziwa funde loti lingamunyamule. Ku Cape Town, kumene abale athu ambiri akugwira ntchito, mphepo ya kummwera chakummawa ikawomba anthu amapalasa kuchokera ku Miller's Point kukafika ku Fish Hoek, mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Ku Hawaii amawoloka kuchokera pachilumba cha Molokai kupita ku Oahu, makilomita opitirira 50. Ngakhale kwathu kuno maganizowa si achilendo: mpikisano wa maboti a matanga pa nyanja ya Malawi wakhala ukuchitika mu Julayi, kuchokera kummwera kulowera kumpoto mtunda wa makilomita mazana angapo, ndipo chowakankha ndi mwera womwewu.

Nanga ku Zomba kuno tikanafuna, tikanakachitira kuti?

Maganizo amathamangira kuphiri, chifukwa ndi kumene alendo amakwera, kukagona ku Ku Chawe ndi kukaona mathithi a Williams. Kumeneko kuli damu la Mulunguzi, lokongola zedi. Koma funde lingakule bwanji padamu lozingidwa ndi mapiri ndi mitengo, pamene mphepo ikangoyamba kukankha madzi yafika kale tsidya lina? Komanso madzi amenewa ndi amene a Southern Region Water Board amatipatsa m'mipopi ya m'tauni. Kodi tingalole anthu ambirimbiri kumagweramo? Mwina kuphunziriramo kuimirira, eni damu atavomera, koma mpikisano wa mphepo ayi. Ku Liwonde mu Shire ndiye musatchule n'komwe, muli ng'ona ndi mvuu.

Yatsala Chilwa, imene timaiona ili mbuu kummawa tikaima pa Emperor's View paphiri paja. Malo otambalala alipo, mphepo iliponso. Koma nyanjayi ndi yosaya, malo ambiri kuya kwake sikufika mamita 3, ndipo pamadzi osaya mafunde amakhala aafupi, othithikana, omenya mofulumira. Kodi funde lotere linganyamule thabwa, kapena lingangomugwetsa munthu? M'mbali mwake muli bango ndi udzu wowirira. Ndiponso ndi nyanja yopanda mtsinje wotulutsa madzi, imene imadalira Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi mitsinje ina. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Wokonza mpikisano wa chaka ndi chaka angalonjeze bwanji anthu ochokera kutali kuti akadzabwera adzapeza madzi?

Funso limene landivuta kwambiri ndi la tsiku. Mpira timauikira tsiku ndi ola, mlendo wolemekezeka amabwera, woimbira aimba wezulo, basi. Koma mwera ungauitanire Loweruka 9 koloko? Ena okonza mipikisano yotere amapatula masiku angapo, n'kusankha limodzi ataona za nyengo, ndipo ena amakonzeratu njira ziwiri kuti mphepo ikatembenuka nawonso atembenuke. Ine izi zikundimvekera zanzeru. Koma ndani adzalimbe mtima kuuza kampani imene yapereka ndalama, mahema atakhomedwa kale, oimba atafika, kuti lero sitipikisana chifukwa kulibe mphepo? Ndipo akaopa kunena, n'kutumiza anthu kukapalasa padzuwa pamadzi a bata, kapena choipa kwambiri mphepo ikuwamenya chammbali, adzabweranso chaka chamawa amenewo? Mpikisanowu ndi wa ndani, wa okhala m'hema kapena wa ali pamadzi?

Palinso kanthu kakang'ono kamene sikakutuluka m'mutu mwanga. Ponyamukira ndi pena, pofikira ndi pena. Munthu wafika atanyowa, mphepo ya Julayi ikumulowa m'mafupa, koma zovala zake zatsala tsidya lija. Ndani wamunyamulira? Tiyi wotentha alipo? Thabwa lalitali chotere likwera galimoto yanji pamsewu wa ku Kachulu? Ndikuona ngati munthu angaiwale kuti anali wachingati, koma osaiwala kuti ananjenjemera ola lathunthu pagombe.

Za chitetezo ndiye mtima wanga sukhala m'malo. Wopalasa amamanga chingwe ku mwendo cholumikiza thabwa, chifukwa akagwa mphepo imaliuluza mofulumira kuposa mmene iye angasambirire. Amavala jekete yoyandamitsa. Pa mpikisano wa ku Molokai uja, wopalasa amakhala ndi boti lomuperekeza. Ife maboti a injini tingapeze angati? Ndani aziwerenga mayina ponyamuka ndi pofika, kuti pasasowe ndi mmodzi yemwe? Wotsalira kumbuyo adzamudikira mpaka liti? Nanga likodzo, nanga kolera imene yavutitsapo asodzi a pa Chilwa, alendo adzauzidwa poyera asanalowe m'madzi? Nanga mbalame za m'bango muja, zimene zinachititsa kuti nyanjayi ilowe m'gulu la madambo otetezedwa pa mgwirizano wa Ramsar, phokoso la injini lidzazisiya bwanji?

Pa mafunso onsewa ndikuona anthu amodzimodzi amene angayankhe ambiri mwa iwo. Ndi asodzi ogona m'zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, ndi oyendetsa mabwato pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi. Iwo amadziwa ola limene mwera umadzuka ndi limene umagona, pamene mapiri a Chisi amatchinga mphepo, pamene pali maukonde, ndi mipata yodutsira m'bango. Chifukwa chiyani wokonza mpikisano angayambe ndi kusindikiza zikwangwani m'tauni asanakhale pansi ndi mafumu ndi makomiti a pagombe? Ndipo ngati anthu amenewa angafunsidwe nzeru, n'kulipidwa ngati operekeza ndi opulumutsa, n'chiyani chingaletse kuti nawonso akhale ndi gawo lawo la mpikisano, m'mabwato awo omwewo, mphoto yake yofanana ndi ya obwera ndi mathabwa a kunja? Mnyamata wa ku Chisi amene wakula akuimirira m'bwato pa mwera, atapatsidwa thabwa loterolo mwezi umodzi wokha, angathere pambuyo pa ndani?