Njira yachidule yophera malo okopa alendo

Amene mwapatsidwa gombe lokongola ndipo mukufuna kulimaliza msanga, musavutike kupita kwa sing'anga. Njira yake inalembedwa kale mu 1980 ndi katswiri wa jogalafe, Richard Butler. Iye anaonetsa kuti malo okopa alendo amabadwa, amakula n'kukalamba. Poyamba pamafika alendo ochepa a zikwama kumsana, eni mudzi n'kuyamba kuwaphikira ndi kuwapatsa pogona. Kenako amatulukira a ndalama ndi mahotela awo, anthu n'kuchuluka mpaka chiwerengero kuima, ndipo apo malowo amagwa kapena kudzukanso. Mkuluyu ankachenjeza, koma inu muwerenge ngati ndondomeko ya ntchito.

Lamulo lake ndi limodzi: werengani mitu basi. Chaka chilichonse lengezani pa wailesi kuti alendo achuluka kuposa chaka chatha, ndipo wina akakufunsani kuti malowo angasenze anthu angati asanawonongeke, muyankheni ngati kondakitala wa minibasi amene amaona mpando pamene pali bondo la munthu. Aphunzitsi abwino alipo. Ku Thailand, gombe la Maya Bay litatchuka ndi filimu ya The Beach ya mu 2000, maboti ankatula anthu masauzande tsiku lililonse, anangula akuswa matanthwe amoyo a pansi pa nyanja, mpaka boma linatseka malowo mu 2018 n'kudzatsegulanso mu 2022, kusambira kuli koletsedwa. Ku Philippines anachita changu koposa: chilumba cha Boracay chinatsekedwa miyezi 6 mu 2018 chifukwa zonyansa za m'zimbudzi zinkathera m'nyanja yomweyo imene alendo ankalipirira kuti asambemo. Onsewa ankawerenga mitu mokhulupirika, ndipo mitu inkachulukadi.

Ena adzati alendo amabweretsa ntchito ndi ndalama zakunja, choncho kuchuluka kwawo n'kwabwino. Akunena zoona, ndipo apa m'pofunika kusamala, chifukwa ndalama ikalowa m'mudzi imavuta kuiletsa. Mlendo akagula chambo kwa msodzi, msodziyo amagula tomato kwa mayi wa pamsika, mayiyo amalipira telala, telala n'kulipira fizi ya mwana. Mudzi wolawa zotere umayamba kuteteza gombe lake, ndiye ntchito yanu yaonongeka. Onetsetsani tsono kuti ndalama ikudontha isanafike. Tikiti igulidwe ku kampani ya ndege yakunja, chipinda ndi chakudya chonse zilipiridwe ku London mlendo asananyamuke, vinyo ndi tchizi zichokere ku Johannesburg, phindu libwerere kwa eni hotela kutsidya kwa nyanja. Mangani mpanda wautali, mlendo mumunong'oneze kuti kunjaku n'koopsa. Anthu a m'mudzi apatseni ulonda ndi kuchapa, ndipo nyengo ya mvula alendo akachepa, auzeni kuti akayambe apuma. M'malipoti mudzalembabe kuti ntchito zapezeka.

Enanso adzati izi n'za ku Thailand, kwathu kuno vuto ndi kuchepa kwa alendo. Musataye mtima. Mlingo wa malo suyezedwa pa dziko lonse, umayezedwa pa gombe limodzi, tsiku limodzi. Mudzi wa Chembe ku Cape Maclear wazunguliridwa ndi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika m'kaundula wa chuma cha dziko lapansi mu 1984 chifukwa cha nsomba ngati mbuna. Mchenga wake ndi womwewo umene asodzi amakokerapo mabwato ndi kuyanikirapo usipa, amayi amachapirapo, malo ogona alendo amayalapo mipando. Pamalo potero simufunika anthu miliyoni. Khamu la pa Khirisimasi kapena pa Tsiku la Anakubala likukwanira, bola pasakhale zimbudzi zokwanira kapena wotola mabotolo. Eni mudzi akasiya kumwetulira, dziwani kuti zikuyenda, pakuti katswiri wina, George Doxey, analongosola mu 1975 kuti amayamba ndi chisangalalo, kenako mphwayi, kenako kunyansidwa, pomaliza udani. A ku Barcelona anafika pothira alendo madzi ndi mfuti zazidole mu 2024. Anuwo akayamba kudandaula, nenani kuti ndi nsanje.

Chotsutsa chovuta kwenikweni n'chakuti malo amachira. Ku Maya Bay nsomba za shaki zinabwereradi maboti atachoka. Koma kuchirako kunadya zaka zoposa zitatu gombe lili chitsekere, ndipo woyendetsa boti wa ku Thailand anali ndi zilumba zina zotengerako alendo, pamene mnyamata woperekeza alendo ku chilumba cha Thumbi ku Cape Maclear ali ndi gombe limodzi lokha. Zimenezo zisakusowetseni tulo, bwana. Pofika nthawi yotseka mudzakhala mutasamutsidwira ku unduna wina, ndipo wolowa m'malo mwanu ndiye adzaitanitse msonkhano ku hotela ya ku Mangochi wokambirana chimene chinathawitsa alendo.